Funsani Malume: za piyano ija ya Loweruka madzulo

Moni nonse kuyambira pa boma pano mpaka ku Chamama, Santhe, Nkhamenya ndi konse kumene magazini ino imafika itapindikapindika m'thumba la munthu. Mwezi uno ndimayesa mundifunsa za makwaya ngati nthawi zonse koma ayi ndithu, mameseji pafupifupi onse akukamba chinthu chimodzi, makonsati aja akhala akuchitika Loweruka madzulo muholo ina pa Kasungu pano chiyambire Juni. Kwa inu amene simunamve, aphunzitsi angapo a nyimbo ndi ana awo asukulu pamodzi ndi alendo ena ochokera ku Lilongwe anagwirizana kuti nyengo yozizira yonseyi aziimba nyimbo zija amati za classical, sabata ina piyano yokhayokha, sabata ina anthu anayi a mavayolini, ina mayi woimba ndi bambo wa pa piyano. Ine ndapitako kanayi, kamodzi ndinajomba kunali maliro kwathu ku Chulu. Amene sindinakuyankheni mundikhululukire, malo ndi ochepa.

Funso: Malume, ine ndi mayi akunyumba tinapita tsiku la piyano lija. Mnyamatayo ataimba n'kusiya ine ndinaomba m'manja mwamphamvu, mayi n'kuimba nthungululu, koma tinangopezeka kuti ndife tokha ndipo anthu ena akutsogolo anatitembenukira ngati taba nkhuku. Tinalakwa chiyani? Mayi akuti sadzapondakonso.
Bambo wochita manyazi, Chinkhoma

Yankho: Bambo, choyamba mukawauze mayi kuti nthungululu ija ndinaimva, ndinali mzere wachitatu chakumanzere, ndipo mnyamata woimbayo ndinamuona akumwetulira chamumtima. Simunabe nkhuku ya munthu. Chinachitika n'chakuti nyimbo zambiri za mtundu umenewu, makamaka zimene papepala la pulogalamu alemba kuti sonata, sizikhala chinthu chimodzi, zimakhala ndi magawo atatu kapena anayi. Kawirikawiri loyamba limathamanga, lachiwiri limayenda pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kudimba atasenza dengu, lomaliza limathamanganso. Pakati pa magawowo woimba amaima kaye, kupukuta manja pathalauza, kupuma, koma nyimbo sinathe. Zili ngati abusa amaliza mfundo yoyamba ya ulaliki akumwa madzi, inu n'kuimirira kuyambitsa nyimbo ya chopereka.

Koma ndikuuzeni chinthu chimene aja anakutembenukirani mwina sachidziwa. Mwambo wokhala duu pakati pa magawo si wakalekale ayi. Nthawi ya Mozart, wopeka nyimbo wotchuka wa ku Ulaya, anthu ankaomba m'manja pamene pawakomera ngakhale nyimbo ili mkati, moti mu 1778 ali ku Paris iye mwini analembera bambo ake kalata akunyadira kuti anthu amuombera m'manja nyimbo isanathe. Zokhala chetezi zinadzakhazikika pambuyo pake, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kulowa m'ma 1900. Ndiye inu ndi mayi munachita za nthawi ya Mozart, akutsogolo aja ndi amene abwera dzulodzulo.

Komabe ine kachete kaja ndimakakonda, makamaka gawo lodekha lija likangotha, mawu omaliza akuzimirira m'mwamba muja ngati utsi, munthu sufuna wina akudzidzimutse. Ulendo wina ingoyang'anani papepala, pansi pa dzina la nyimbo mumakhala timawu ta Chitaliyana, Allegro ndiye kuti mwachangu, Adagio ndiye mwapang'onopang'ono, muwerenge kuti tilipo tingati ndiye magawo ake amenewo. Mukasokonezeka yang'anani woimbayo, akatembenukira kwa anthu kapena kuimirira basi yatha, mayi atulutse nthungululu yonse. Inenso tsiku langa loyamba ndili kusukulu ya zauphunzitsi ndinaomba ndekha, kuwonjezera apo ndinaimirira.

Funso: Malume mundiuze zoona. Mnzanga anandikokera tsiku la anthu anayi aja. Palibe ng'oma, palibe sipika, palibe wovina, ngakhale MC kunalibe, anthu angokhala pamipando kumakwecha tizingwe ola lathunthu. Ine ndinagona. Inuyo zimakukomerani pati, kapena anthu amangonamizira kuti aoneke ophunzira?
Wakabaza, pa depoti

Yankho: Iwe mphwanga wandiseketsa mpaka tiyi kutayika. Onamizira alipo sindingakane, ndinaona bambo wina akugwedeza mutu ngati akumva kwambiri kenako mutuwo unangopitirira mpaka pachifuwa. Komanso iwe wapalasa njinga kuyambira 5 koloko m'mawa, ukangokhala pampando pamalo ofunda ngakhale kutakhala chimtali ukhoza kugona, ndiye usadzidandaule.

Zimene unaonazo amazitcha string quartet, mavayolini awiri, viola imene imaoneka ngati vayolini koma yokulirapo ndi mawu onenepa, ndi cello chija chachikulu amachiika pakati pa miyendo. Ngati unakhalako m'kwaya ukuzidziwa kale, ndi soprano, alto, tena ndi besi basi, kungoti mawu akutuluka m'zingwe. Gulu lonse la nyimbo zoterezi dzina lake ndi chamber music, kutanthauza nyimbo za m'chipinda, chifukwa poyamba sizinali za m'maholo akuluakulu, anthu ankaimbirana m'nyumba, anzawo ochepa atakhala pafupi. Joseph Haydn wa ku Austria, amene anabadwa mu 1732, analemba zoposa 60 za anthu anayi chonchi ndipo ndi iye anakhazikitsa kaimbidwe kameneka, Mozart ndi Beethoven anadzapitiriza.

Tsono pamene zimandikomera ine ndi apa. Unakhalako pabwalo la anyakwawa akuweruza nkhani ya malire a munda? Wina amayamba kulankhula, mnzake amatenga mawu omwewo n'kuwapotoza pang'ono, wachitatu amalowerera kuti ayi sizinali choncho, ndiye pali agogo ena pakona amangoti mmm, mmm, koma akadzatsegula pakamwa onse amakhala chete. Cello ndiye agogowo. Kanyimbo kamene vayolini woyamba wayambitsa ukakatsatira umapeza kadumphira kwa viola, kenako kali pansi kwa cello katasintha nkhope, mwina kanali kosangalala pano kakudandaula, ndipo nthawi zina onse anayi amalankhulira pamodzi mokangana mpaka wina kugonja. Ukangoyamba kumva mkanganowo tulo timathawa.

Ndipo waona kuti panalibe wowaimitsa kutsogolo ngati kwaya masitala? Ine ndinakhala pafupi dala kuti ndione amayamba bwanji pamodzi. Mtsikana wa vayolini woyamba uja amakoka mpweya ndi mphuno, fuu, kamodzi kokha, phewa n'kukwera pang'ono, enawo alowa. Kupuma kwakeko ndiye wani thu firii yawo. Chapakati tsitsi limodzi la uta wake linaduka, pajatu uta uja ndi ubweya wa kumchira wa hatchi, linkangolendewera likuvina m'mwamba mpaka pamene anapeza mpata wa masekondi awiri analithothola ndi zala osayang'anako n'komwe. Pamimba pa vayolini yake panali mbuu kafumbi koyera ka utomoni umene amapaka pa utawo kuti uzigwira chingwe. Zimenezi uli kumbuyo sungazione.

Za sipika ndikuuze chilungamo, makutu athu tawazoloweretsa zoipa. Pa depoti pako pomwepo, paukwati, pamsonkhano wa chitsitsimutso, mashopu ogulitsa mafoni, paliponse voliyumu ili kumapeto kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndiye khutu laiwala kuti nyimbo imatha kunong'ona. Koma si zachilendo kwa ife. Amalume anga ku Chulu ankaimba bangwe madzulo pakhonde, mawu ake sankafika ngakhale kukhola la mbuzi, ofuna kumva tinkasendera pafupi n'kukhala chete tokha popanda wotiuza. Kaligo nayenso ndi chingwe chimodzi ndi kauta, m'bale wake wa vayolini ameneyo. Ukadzapitanso ugone kaye masana, ukhale kutsogolo, usankhe chida chimodzi, ine ndingati cello, uchitsatire chokhacho kwa mphindi zisanu. Zikadzakukanikabe palibe mlandu, inenso pali nyimbo zina za anthu otchuka omwewa zimene ndimangoyembekeza kuti zithe.

Funso: Malume, ndine msungichuma wa kwaya ya patchalitchi pathu. Banja lina limene linali ndi esiteti ya fodya likusamuka ndiye latiuza kuti titenge ulere piyano yakale imene yakhala m'nyumba mwawo zaka zambiri osaigwiritsa ntchito. Achinyamata akukana akuti bola tisonkhe tigule kiyibodi. Ine chionereni ya kuholo ija mtima wanga uli pa piyano. Titani?
Msungichuma, Santhe

Yankho: Achimwene, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa nkhani ya piyano yakale mwambiwu si fanizo chabe, nyererezo mukhoza kukazipezamo zenizeni. Chaka china anandiitana pasukulu ina kuti ndikaone piyano imene inali m'sitolo, kunja yonyezimira bwinobwino, titatsegula thabwa lapansi tinapeza chisa cha makoswe ndi zitsononkho za chimanga, tinsalu tonse ta m'kati atadya.

Piyano si kiyibodi yaikulu, ndi makina a matabwa ndi zitsulo. Ili ndi makiyi 88, oyera 52 akuda 36, ndipo kuseri kwa kiyi iliyonse kuli kanyundo kokutidwa ndi nsalu yaubweya kamene kamamenya mawaya. Mawayawo amapitirira 200 chifukwa manotsi ambiri ali ndi mawaya atatu atatu, ndipo onse pamodzi amakoka ndi mphamvu ya matani pafupifupi 18 kapena 20, n'chifukwa chake m'kati muli chimango chachitsulo cholemera, moti ngakhale yoimirira ija yotsamira kukhoma imalemera ngati matumba anayi kapena asanu a chimanga a makilogalamu 50. Anaipanga koyamba Bartolomeo Cristofori ku Florence, Italy, cha m'ma 1700, ndipo dzina lake lonse ndi pianoforte, kutanthauza motsitsa ndi mokweza, chifukwa chida chimene chinalipo kale, harpsichord, chinkakodola mawaya ndiye kaya udine mwamphamvu kaya pang'ono mawu ankatuluka chimodzimodzi.

Vuto lake kuno ndi nyengo yathu. Dzinja chinyezi chikachuluka matabwa amafufuma, Okutobala kukatentha amauma n'kubwerera, mawaya aja n'kumasuntha, ndiye imafunika kuchuna mwina kawiri pachaka, ndipo anthu odziwa kuchuna piyano m'Malawi muno ndi osowa, mudzachita kuitanitsa kutali n'kulipira thiransipoti pamwamba pa ntchito. Ikakhala zaka zambiri osachunidwa nthawi zina timisomali togwira mawaya timakhala titalobodoka, munthu amachuna lero sabata yamawa yabwerera.

Ndiye musanabwereke ngolo pitani mukaione ndi tochi ya pafoni. Tsegulani chivindikiro chapamwamba ndi thabwa lapansi pafupi ndi mapedulo. Muone ngati mawaya achita dzimbiri kapena ena aduka, ngati chitsulo chija chili ndi mng'alu, ngati pansi pali ufa wa matabwa umene ukusonyeza chiswe kapena anankafumbwe. Dinani makiyi onse imodzi imodzi muwerenge amene sakulira kapena akukanirira pansi, mujambule kavidiyo mutumizire wochuna akuuzeni. Chitsulo chikakhala chong'aluka ingothokozani banjalo mubwerere manja ali m'thumba.

Maganizo anga, ngati tchalitchi chanu ndi cha malata opanda siling'i ndipo kwaya imayendayenda m'mafesitivo, achinyamata akunena zoona, kiyibodi ndi imene ingakuthandizeni. Koma ikapezeka kuti ndi yamoyo itengeni ndithu, muiike kutali ndi windo ndi khoma lowombedwa dzuwa. Magetsi akazima iyo imaimbabe. Komanso ilibe kabatani ka transpose kaja, kokwezera kapena kutsitsira nyimbo yonse pa kiyibodi, kamene kapangitsa anyamata athu ambiri kuimba nyimbo zonse za m'buku pa kiyi imodzi zaka khumi, mwina ndiye chifukwa chenicheni akuikanira, musawauze kuti ndanena ine.

Funso: Malume, ndakhala ndikuimba soprano m'kwaya ya Chigwirizano zaka 20. Mayi uja anaimba popanda maiki koma mawu anafika mpaka kumbuyo kumene ndinakhala. Amachita bwanji? Nanga bwanji mawu ake amanjenjemera, ndipo chifukwa chiyani amaimba m'zilankhulo zoti ife sitikumva?
Mayi wa Chigwirizano, Mtunthama

Yankho: Mayi, mwafunsa ngati munthu woimba zenizeni. Kaimbidwe kameneka kanakula nthawi imene kunalibe maiki, munthu ankayenera kudzaza holo ndi thupi lake basi. Chinsinsi si kukuwa. Mukanakhala pafupi mukanaona kuti akamakoka mpweya mapewa sakwera, chimene chimatukuka ndi nthiti zam'munsi ndi m'chiuno mozungulira, ndiye mpweyawo amautulutsa pang'onopang'ono ngati munthu wothira mafuta ophikira a mwezi wathunthu. Kukhosi amakusiya kotseguka ngati mmene kumakhalira mukangoyamba kuyasamula. Akatero mawu amakhala ndi kulira kwina kowala kumene kumadutsa pamwamba pa piyano kukafika kumbuyo popanda kukakamiza. Ife ambiri m'makwaya timafinya pakhosi, n'chifukwa chake tikachoka kumsonkhano wa masiku atatu timabwerako tikunong'ona.

Kunjenjemerako amati vibrato, ndipo kwa woimba wophunzitsidwa bwino kumabwera kokha mpweya ukamayenda bwino khosi lili lomasuka. Chonde musakauze amayi anzanu kuti azigwedeza chibwano kuti atengere, zimamveka ngati mbuzi yomva chisanu, komanso m'kwaya mawu amafunika kulowana, aliyense akamanjenjemera payekha nyimbo imachita matope. Chimene mungatengereko ndi kupumako. Gwirani m'chiuno ndi manja onse, kokani mpweya mpaka manjawo akankhidwe, kenako tulutsani ndi sssss mukuwerenga chamumtima mpaka 20. Muzichita musanayambe pulakatisi, ndipo m'mawa wozizira ngati wa Julaye yambani ndi kung'ung'udza chapansipansi musanakwere m'mwamba.

Za chilankhulo, nyimbo zambiri anaimba tsiku lija zinali za Franz Schubert wa ku Vienna, amene anabadwa mu 1797 n'kumwalira mu 1828 ali ndi zaka 31 zokha koma anasiya nyimbo za munthu mmodzi ndi piyano zoposa 600. Iye ankatenga ndakatulo za Chijeremani n'kuumba nyimbo motsatira mmene mawuwo amakwerera ndi kutsikira, ndiye ukamasulira zambiri zimasokonekera. Inu mukudziwa mmene nyimbo zina zomasuliridwa za m'buku zimadulira liwu pakati kapena kukweza pamene Chichewa chimatsika, pajatu kwathu kuno mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amasiyana ndi kakwezedwe ka mawu kokha. Koma pamenepa okonza makonsatiwa ndiwadzudzule, matanthauzo papepala analemba m'Chingerezi mokha, chikhalirecho theka la holo linali anthu ngati inu ndi ine. Mizere itatu ya Chichewa pansi pa nyimbo iliyonse ikanawadyera chiyani?

Imodzi yokha mayiyo anaifotokoza ndi pakamwa ndipo ndi imene anthu anatuluka akuikamba. Schubert anailemba mu 1814 ali ndi zaka 17, ndi ya mtsikana amene akupota ulusi pa wilo uku akuganiza za mwamuna amene wamutenga mtima. Dzanja lamanja la wa piyano limangozungulira osaima, ndiye wilo lija, mpaka pamene mtsikanayo wakumbukira mmene mwamunayo anamupsompsonera, pamenepo wilo limaima zii, kenako limayesa kuyamba, kuima, kuyesanso mpaka kuzunguliranso. Mayi wina pambali panga anangoti eee, ngati pamtondo. Ndipo anali atalasa, amene anaonapo mkazi akusinja akuimba za mwamuna wake ali ku Joni kenako musi n'kuima m'mwamba maso ali patali sakufunika kudziwa Chijeremani. Mwaonanso apa kuti bambo wa piyano uja sanali wongoperekeza, theka la nkhani linali m'zala zake.

Funso: Malume, ndi ulemu wonse, kodi izi si za azungu? Ife tili ndi mganda, chimtali, gule wamkulu, bwanji tikutaya nthawi ndi nyimbo za anthu amene anafa kalekale ku Ulaya?
Mphunzitsi wa pulayimale, Nkhamenya

Yankho: Aphunzitsi anzanga, kuti zinachokera ku Ulaya n'zoona, palibe chobisa. Koma gitala anachokera kuti, mpira umene timakanganirana Lamulungu lililonse unachokera kuti? Kuimba kwa mawu anayi kumene timati ndi kwaya yathu ndi do re mi fa ija, tonic sol-fa imene John Curwen anafalitsa ku England, zinabwera ndi amishoni. Nyimbo ya fuko lathu imene Michael Sauka anapeka, imene takhala tikuimba chiyambire 1964, imayenda m'mawu anayi omwewo. Mganda umene mwautchulawo unabadwa potengera perete ndi mabandi a asilikali a nthawi ya atsamunda, makolo athu anaona malipenga amkuwa n'kupanga awo a zikho, lero ndani anganene kuti mganda si wathu?

Ndipo anthu akuda sanayambe dzulo kuimba zimenezi. Mu 1803 ku Vienna Beethoven anaimba koyamba sonata yake ina yovuta kwambiri ya vayolini ndi piyano pamodzi ndi George Bridgetower, katswiri wa vayolini amene bambo ake anali munthu wakuda, kungoti pambuyo pake anakangana ndiye Beethoven mwaukali wake anachotsapo dzina la mnzakeyo n'kuikapo la munthu wina. Ku Kinshasa kuli okesitira yathunthu imene Armand Diangienda anayambitsa mu 1994, ambiri mwa oimba ake anayamba opanda sukulu ya nyimbo, masana kugwira maganyu awo madzulo pulakatisi. Pretty Yende, mtsikana wa ku Piet Retief ku South Africa, anayamba kufuna kaimbidwe kameneka atamva kanyimbo pa kutsatsa malonda kwa pa TV, ndipo mu 2023 anaimba pa mwambo wolonga ufumu Charles III ku London.

Koma pali pamene ndikugwirizana nanu ndipo pamandiwawa. Masiku anayi amene ndapitako sindinamve nyimbo ngakhale imodzi yolembedwa ndi munthu wa mu Africa muno, kupatula kanyimbo kotonthoza mwana kamene mayi uja anaimba m'Chichewa pomaliza anthu ataumirira kuti abwereze, ndipo ndi pamene holo yonse inang'ung'udza nawo. Chikhalirecho zolembedwa zilipo, Akin Euba wa ku Nigeria anathera moyo wake akulemba nyimbo zimene piyano imalankhula ngati ng'oma za kwawo. Si zophweka, machunidwe a ulimba wa ku Nsanje sagwirizana ndendende ndi makiyi a piyano, manotsi ena amagwera pakati pa kiyi yoyera ndi yakuda, koma kagundidwe ka chimtali kapena ka ng'oma za gule palibe chimene chingakaletse kulowa m'zala khumi. Ine zala zinauma kale ndi nyamakazi, ndikuyang'ana ana aja amatembenuza mapepala pambali pa woimba.

Funso: Malume, mwana wanga wamkazi wa Sitandade 5 chibwerereni kukonsati akungogogoda tebulo akuti akufuna kuphunzira piyano. Bambo ake akuti ndi za anyamata komanso sizidyetsa. Ndiyambire pati, ndalama zake ndilibe zambiri.
Mayi wogulitsa kaunjika, pamsika wa Kasungu

Yankho: Achemwali, za anyamatazo bambo akunena chifukwa m'matchalitchi mwathu anyamata anaikhalira kiyibodi ngati munda wa makolo awo. Clara Schumann wa ku Germany, wobadwa mu 1819, anaimba piyano pamaso pa anthu zaka pafupifupi 60, anabereka ana 8, ndipo mwamuna wake atadwala n'kumwalira banja lonse analidyetsa ndi zala zomwezo. Zakuti sizidyetsa, kunena zoona makonsati okha ngati awa m'Malawi muno sangadyetse munthu, koma wodziwa kuwerenga nyimbo amaphunzitsa, amaimba m'tchalitchi, m'maukwati, m'masitudiyo, ndipo sizimuletsa kudzakhala namwino.

Musathamangire kugula chodula. Kiyibodi ya makiyi 61 ikwana zaka ziwiri zoyamba, bola ikhale yoti ukadina pang'ono imalira motsitsa ukadina kwambiri imakweza, muiyese musanapereke ndalama chifukwa zambiri zotchipa zija sizitero. Ngati simungathe pemphani kutchalitchi azikagwirako pakati pa sabata. Chachikulu ndi mphunzitsi woti amuphunzitse kuwerenga manotsi a pamizere isanu ija, sol-fa ndi yabwino imanola khutu koma nyimbo za piyano sizilembedwa m'menemo. Pitani Loweruka likubwerali mukadikire konsati ikatha mulankhule ndi aphunzitsi aja maso ndi maso, anthu oterewa akaona mwana wanjala ya kuphunzira kawirikawiri savuta. Mavidiyo a pa YouTube amathandiza koma amadya bandulo ndipo sangamuone kuti wakhotetsa dzanja. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Loweruka lokha, zikhadabo azidula, mpando ukhale woti zigongono zifanane ndi makiyi, akafupika muikireni pilo kapena kabelo kakang'ono ka kaunjika wanuyo. Akadzalimbikira kuli mayeso a bungwe la ABRSM la ku London kuyambira giredi 1 mpaka 8, kwathu konkuno ku Mtunthama Kamuzu Academy imene inatsegulidwa mu 1981 imaphunzitsa nyimbo, ku Lilongwe kuli Music Crossroads, ndipo ku University of Malawi ku Zomba munthu amatha kuphunzira nyimbo mpaka digiri. Koma zimenezo n'zakutsogolo, pano musamuletse kugogoda tebulo.

Funso: Malume, ndikufuna kupita ulendo womaliza uno koma ndilibe suti. Komanso ndingatenge mwana wa zaka zitatu?
Mlimi, Chamama

Yankho: Suti ya chiyani bambo, ine ndimapita ndi juzi yanga yobooka pachigongono ndipo palibe anandibweza pakhomo. Juziyo ndiye musaiwale, holo ija mawindo awiri alibe magalasi ndipo mphepo ya Ogasiti imalowa ngati yalipira tikiti. Wa zaka zitatuyo ndingakonde mumusiye kwa agogo ake, ola lathunthu chete ndi chilango kwa iye, koma ngati palibe womusiyira khalani kumapeto kwa mzere pafupi ndi chitseko. Foni muzimitsiretu osati kungoiika m'thumba, sabata yatha ya bambo wina inalira nyimbo ya chipani pakati pa Adagio ndipo anatenga nthawi akuisaka m'matumba onse a jekete.